Bowo Limene Ndinakana Kutseka

Ku Lichinga kulibe nyumba zobaya mitambo, wina asakunamizeni. Imene ndinajambula nawo ine ili ndi nsanjika zisanu ndi zitatu basi. Anzanga amene ndinaphunzira nawo za mapulani a nyumba ku Maputo anaseka nditawatumizira chithunzi, amvekere kwawoko nyumba yotere amasungiramo magalimoto. Aseke. Kuno kwathu munthu wochokera ku Chimbonila amayamba kuona iyoyo asanaone china chilichonse cha m'tauni, ndipo pamene tinkaimanga ana ankachedwa kusukulu chifukwa choima pamsewu kukamwa kuli yasa, kuonerera amisiri ali m'mwamba.

Mwini wake anali bambo wachikulire, Msilamu wa konkuno, amene analemera ndi malole onyamula mbatatesi ndi nyemba kupita nazo ku Nampula. Tonse tinkangowatcha patarawu, kutanthauza bwana m'Chipwitikizi. Tsiku limene anabwera ku ofesi kwathu anatipeza awiri, poti ofesi yonse inali anthu awiri: abwana anga, katswiri wakalekale wa mapulani amene maondo anali atayamba kuwakana, ndi ine, mtsikana wongochoka kumene kusukulu, wamtima wapachala. Patarawu anakana ngakhale mpando.

"Ndayenda ine," anatero. "Maperedyu a anthu, nyumba zazitali zija, kunjaku ndawaona. Ambiri angokhala ngati makatoni a sopo oimika. Ine katoni sindikufuna. Yanga ikhale ndi mutu, munthu akaiona patali adziwe kuti ndi iyo."

Abwana anga anamwetulira, chifukwa zimene patarawu ankapemphazo zili ndi dzina m'mabuku. Panali nthawi imene nyumba zazitali za maofesi zinkamangidwa mofanana paliponse: galasi, chitsulo, pamwamba posalala, zopanda chokongoletsa chilichonse, ati kukongoletsa ndi bodza. Kenaka kunabwera ojambula ena amene zinawatopetsa. Awa anayamba kuziveka nyumba zisoti, kuimika zipilala zosanyamula kanthu, kupaka mitundu yolusa, kubwereka maonekedwe a nyumba zakale za kwawo n'kuwakweza m'mwamba atawakulitsa. Kusukulu tinkati posimodernu. Aphunzitsi ena ankazinyoza kuti ndi chibwana, koma ine ndinkazikonda chifukwa cha mwano wake womwewo.

Abwana anatenga zam'kati: zipinda, masitepe, chikepe, ndi zokambirana ndi injiniya za kulimba kwa nsanamira. Kenaka anandikankhira pepala loyera. "Mutuwo jambula ndiwe. Ine mitu yanga inatha." Atatero ananyamuka ulendo wa ku Nampula, kumene ankakhala nthawi zambiri chifukwa kuzizira kwa kuno sikunkagwirizana ndi mafupa awo.

Sindinavutike kufunafuna. Mutuwo ndinali nawo kuyambira ndili mwana.

Ife tinathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Za kupita sindikumbukira, ndinali kumsana. Za kubwerera ndimakumbukira bwino. Titafika kumudzi kwathu ku Assumane tinapeza nyumba yathu ilibe malata, ilibe zitseko, m'chipinda chogona mutamera udzu wofika m'chiuno. Makoma atatu anali atagwa. Lotsala linali limodzi lam'mbali, lija losongoka pamwamba potsatira denga, ndipo pansi pa nsonga yake panali bowo lozungulira lopumira nyumba. Bambo anga ndi amene analiumba pomanga, pozunguliza njerwa pa beseni lakale la mayi. Mayi anakhala pansi n'kuyamba kulira. Bambo anaima n'kumayang'ana khomalo. Ine ndinayang'ana m'mwamba n'kuona mitambo ikudutsa pabowopo, ndipo kunena zoona ndinasangalala, poti ndinali ndisanaonepo nyumba yoonetsa kumwamba. Anansi analangiza kuti khomalo aligwetse, linali ndi ming'alu. Bambo anakana kwamtuwagalu. Anamata ming'aluyo, n'kumanga makoma atatu atsopano molumikiza ku lakalelo, ndipo mpaka lero amagona m'nyumba yomweyo.

Ndiye ndinajambula khoma lomwelo. Pamwamba pa nsanjika yomaliza ndinaimika chikhoma chosongoka, chopanda denga kumbuyo kwake, chili ndi bowo lozungulira lotalika kuposa amuna awiri osanjikizana. M'munsimo ndinasewera: penti wofiirira ngati dothi lathu lino, magalasi obiriwira, ndi zipilala ziwiri zonenepa pakhomo zimene sizinyamula ngakhale nthenga. Patarawu atabwera kudzaona pulani anaika chala pabowopo.

"Nanga apa, arkiteta? Tiikapo wotchi?"

"Ayi, patarawu. Pakhala chomwecho. Ndi poonera kumwamba."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wallahi, mwana uyu! Simenti yonseyi kuti timange popanda kanthu?" Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kupendeketsa mutu. "Alipo wina ali nalo bowo lotere kuno ku Niassa?"

"Palibe."

"Basi, manga."

Za khoma la bambo anga sindinawauze. Sanafunse, ndipo ine ndinaona kuti si za iwo.

Kumanga nyumba yaitali kutali ndi nyanja yamchere ndi ntchito yodikira. Simenti imachedwa m'njira, zitsulo zimafika zina zitapindika, magalasi amafika ena ali zidutswa. Konkire tinkaikweza ndi makina okoka zidebe, ndipo magetsi akathima amuna ankapatsirana zidebezo pamasitepe, nsanjika ndi nsanjika, akuimba nyimbo zonditukwana mwaulemu. Kapitawo wa amisiri ankanditcha "dona arkiteta" atakhotetsa pakamwa, ndipo chilichonse chimene ndanena ankayamba waimbira foni abwana anga kuti amve ngati ndi zoona. Ndinkamusiya aimbe, n'kuima pomwepo mpaka atamaliza, kenaka n'kubwereza mawu anga aja osasintha ngakhale limodzi.

Chimene chinativuta koposa ndi chikombole cha bowolo. Konkire imatenga maonekedwe a matabwa amene waithiramo, ndiye kuti bowo lituluke lozungulira pankafunika gudumu lalikulu la matabwa, lolimba moti lisaphwanyike ndi kulemera kwa konkire yaiwisi. Akalipentala analikhoma pansi ndi matabwa a paini, tinalikweza zidutswazidutswa, n'kulilumikiza m'mwamba mphepo ikutikankha. Loyamba linapindika ngati dzira. Ndinalamula kuti aligumule, ndipo kapitawo anandiuza pamaso kuti mkazi wake atamulankhula chomwecho angamubweze kwawo. Ndinamuyankha kuti mkazi wakeyo ndimamumvera chisoni, koma gudumu ligumulidwe. Lachiwiri linakhala bwino.

Atachotsa matabwa, ndinapita ku Assumane kukatenga bambo anga. Sindinawauze kanthu. Ndinangowaimika tsidya lina la msewu, iwo atatsamira ndodo yawo, chipewa chaubweya chili m'makutu. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuopa kuti maso awo safika. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Iwe," anatero, "beseni lako linali lalikulu bwanji?"

Tinaseka pamsewu pomwepo ngati amisala, anthu akutilambalala. M'moyo wanga wonse sindinanyadirepo ngati m'mawa umenewo.

Nyumba inatha nyengo yotentha, maofesi oyamba n'kulowa. Mvula inagwa n'kusiya. Kenaka kunabwera kuzizira kwathu kuja kosweka nako milomo, ndi mphepo yake yochokera kum'mawa. Ndipo bowo langa linayamba kulira.

Sindikana, linkalira. Kanali kamawu kakakulu, kapansipansi, konga kamene mwana amatulutsa akamauzira pakamwa pa botolo. Kankayamba m'mamawa mphepo ikalimba, n'kumveka mpaka kumsika. Chifukwa chake sichinali chobisika: m'mphepete mwa bowolo munali mwakuthwa, mphepo ikamenya pamenepo inkang'ambika n'kunjenjemera. Mankhwala ake analiponso. Ukapingasa tizitsulo topyapyala m'mbali mwa bowo, mphepo imasweka isanagwirizane mawu, ndipo munthu ali pansi tizitsuloto sationa n'komwe. Ndinajambula zimenezi sabata yomweyo. Vuto linali lakuti zinkayenera kukapangidwa ku Nampula, ndipo pakamwa pa anthu a ku Lichinga sipadikira lole.

Zinayamba ngati nthabwala za anyamata a njinga zamoto. Posakhalitsa zinasanduka nkhani yonong'onezana. Ati munthu salemera ndi mbatatesi zokha. Ati akulirawo ndi ndondocha za patarawu, anthu amene anawapha mwamatsenga kuti azimugwirira ntchito, ndipo bowolo analisiya dala kuti azipumirapo. Wina anakumbukira mmisiri amene anasiya ntchito osatsanzika, n'kumaliza yekha kuti ali m'konkire. Mmisiriyo ine ndinkadziwa kuti anathawa mkazi n'kupita ku Cuamba, koma ndani ankafuna kumva zimenezo? Amayi osesa anakana kukwera kupitirira nsanjika yachitatu. Anthu amene anali atalonjeza kutenga maofesi apamwamba anayamba kuzengereza.

Apa ndiye mtima wanga umapsa mpaka lero. Anthu omwewa anathawa nkhondo ndi miyendo yawo. Anaona ndi maso chimene chimapha munthu, anagona m'tchire, anakwirira abale awo m'dziko la eni. Lero akuopa mphepo? Akhristu ndi Asilamu, ophunzira ndi osaphunzira, onse anagwirizana kamodzi, ndipo chimene anagwirizanapo chinali bodza.

Patarawu anandiitanitsa m'mawa wina, n'kunena kuti tikumane pamwamba penipeni. Ndinawapeza ataima patsinde pa chikhoma chija, mkanjo wawo ukukupizika, bowo likulira pamutu pathu moti mawuwo ankamveka m'chifuwa. Anali ataonda.

"Mwanangu," anatero, "Lachisanu lapitali ku mzikiti tinaima pamzere woswali. Ukudziwa timaima phewa ndi phewa. Kumanja kwanga kunatsala mpata, kumanzere kwanga mpata. Anthu amene ndinakula nawo. Mayi ako kunyumba, mkazi wanga, anapita kumaliro ndi mphika wa mpunga, unabwerera wodzaza. Tseka bowoli."

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndikuwamverabe. Koma ndinatulutsa pepala la tizitsulo tija n'kuwaonetsa.

"Patarawu, ndipatseni nthawi pang'ono. Izi zikafika, phokoso litha. Bowo likhala, phokoso litha."

Sanaliyang'ane n'komwe pepalalo. "Sunamve. Anthu sakufuna kuti lisiye kulira. Akufuna aone ndi maso kuti ndatseka. Njerwa, simenti, penti. Pronto, basi."

"Mukatseka adzati mwavomera. Adzati mwawatseka pakamwa anthu anuwo."

"Anene. Bola ndikhale ndi munthu pambali panga poswali."

"Ine sindijambula zimenezo."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. "Peredyu ndi ya ndani?"

"Ndi yanu."

"Nde?"

"Peredyu ndi yanu, patarawu. Koma dzanja ndi langa."

Kutseka bowo lotero si kungounjika njerwa. Khoma la m'mwamba chomwecho limakankhidwa ndi mphepo yonse ya m'dera lino, ndipo likapanda kumangiriridwa bwino ndi zitsulo lingagwere anthu pamsewu. Pankafunika pulani yake, ndipo wodziwa mmene chikhomacho chinalukidwira m'kati ndinali ine. Masana omwewo abwana anga anaimba foni kuchokera ku Nampula. Anayamba monyengerera. Anati iwo pa moyo wawo anagumula zinthu zokongola zambiri chifukwa mwini wasintha maganizo, ndipo sanafe. Anati patarawu akuganiza zomanga hotela, ndipo mutu wakenso ukhala wanga. Nditakanabe, mawu awo anauma.

"Mverera bwino. Ku Lichinga anthu omanga nyumba zazitali ndi angati? Mmodzi. Ukamukana ameneyu udzajambula zimbudzi mpaka ukalambe. Jambula khomalo, apo ayi usiye makiyi a ofesi."

Sankanama, ndipo ndinkadziwa kuti sakunama. Mkazi wa ku Assumane kupatsidwa mutu wa nyumba yaitali zimachitika kamodzi. Ndinapempha kuti ndiyankhe mawa lake, n'kukwera njinga yamoto kupita kwa bambo anga. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti munthu amene anakana kugwetsa khoma lake andiuza kuti ndilimbe.

Ndinawapeza akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba. Anamvetsera zonse osandidula. Kenaka analoza ndi ndodo pamwamba pa khoma lawo lakale lija. M'bowo munali chiguduli chopindapinda.

"Waona? Langanso limalira kukazizira. Ndimangolitseka, n'kugona. Nyumba ndi ya mwini wake, mama. Munthu uja akuvutika. Tseka, usunge ntchito."

Zinandiwawa kuposa mawu a abwana. Misozi inali pafupi, kenaka mkwiyo unaposa misozi.

"Ababa, chigudulicho kukatentha mumachitani nacho?"

"Ndimachotsa."

"Iwo akufuna njerwa."

Anakanda chibwano, n'kuyang'ana nkhuku. Patapita kanthawi anangoti, "Mutu wakowu sindikudziwa unautenga kuti." Mayi, amene ankasankha nyemba pakhonde, anaseka mokweza osadzutsa nkhope.

M'mawa mwake ndinakasiya makiyi ndi chipewa changa cholimba cha pa ntchito. Mapulani onse a chikhomacho, osonyeza pamene padutsa chitsulo chilichonse, ndinawaika poonekera patebulo. Sindinkafuna kuti khoma lawolo ligwere mwana wa munthu. Ndinkangofuna kuti lisadutse m'dzanja langa. Anaitanitsa mnyamata wina wojambula wa ku Nampula, ndipo kapitawo uja anagwira ntchitoyo akuimba mluzu. Ndinaonerera ndili pamsewu, njerwa zikukwera mzere ndi mzere, kumwamba kukucheperachepera mpaka kutha. Anapaka pulasitala, anapaka penti wofiirira yemwe uja. Ndinapita kunyumba kwanga ku Sanjala, m'tauni momwemo, n'kudzitsekera, ndipo ndinalira mokwanira.

Phokoso linathadi. Anthu ananenadi zimene ndinalosera, kuti wawatseka pakamwa, koma anazinena miyezi yochepa n'kutopa nazo, poti kunabwera nkhani zina zoti azitafuna. Maofesi anadzaza. Patarawu anapezanso anzawo pamzere woswali, ndipo zimenezo ndimakondwera nazo moona mtima. Tikakumana amandipatsa moni, ine n'kuyankha mwaulemu. Hotela ija anaijambula wina, ndipo ndi katoni ya sopo.

Ine ndimajambula pa tebulo la m'chipinda changa chochezera. Nyumba za aphunzitsi opuma ntchito, timagolosale, mipanda, ndipo inde, zimbudzi. Ndimazijambula bwino kwambiri. Achibale ena amati ndinadzitaya chifukwa cha kanthu kopanda pake, bowo, malo opanda kanthu. Ndimawauza kuti popanda kanthupo ndi pamene ndinajambula ine, zina zonse akanatha kujambula wina aliyense. Mukandifunsa ngati ndingabwereze, ndingabwereze, mwina mwamwano kuposa poyamba.

Koma pali chimene mnyamata wa ku Nampula uja sanaganizire, ndipo inenso sindinachiganizire. Njerwa ndi konkire sizimwa madzi mofanana. Mvula yoyamba itagwa, konkire ya chikhoma inauma msanga, koma njerwa za pakati zinasunga chinyezi, fumbi lathu lofiira n'kukakamira pamenepo. M'mphepete monse, pamene chatsopano chinakumana ndi chakale, munatuluka kamng'alu kopyapyala. Ndinatuluka m'nyumba m'mawa wina kukagula buledi, ndinakweza maso, ndipo bowo lija linali pomwepo: lozungulira bwinobwino, lakuda kuposa khoma lonse, looneka kuchokera ku Sanjala. Patarawu anatumiza opaka penti. Chaka chotsatira linatulukanso. Anapakanso, ulendo uno mtundu wina. Linatulukanso.

Ndipo dzina silinachoke. Palibe amene amaitcha nyumba ija dzina lolembedwa ndi zilembo zagolide pakhomo pake. Ukakwera njinga yamoto umangoti, "Pa Bowo," ndipo akakutsitsa pakati pa zipilala zanga ziwiri zonenepa zija. Ngakhale alendo ogwira ntchito m'maofesimo, amene sanalionepo lili lotseguka, amalozerana njira ndi dzina lomwelo.

Bambo anga maso anafooka tsopano, m'tauni sapitanso. Koma mvula yoyamba ikangogwa, ndikapita kukawaona, sayamba ndi moni. Amandimva ndikutsegula chitseko cha mpanda, amatembenuza mutu, n'kufunsa ngati munthu wofunsa za mdzukulu wosamva.

"Latuluka?"

"Latuluka, ababa."

Amagwedeza mutu, kumwetulira akubisa. Kenaka amanditumiza kukabwereka makwerero kwa anansi, kuti ndikwere ndikachotse chiguduli m'bowo lawo.